Chithokomiro, Mchere ndi Anthu Ofufuza: Nkhani ya Kumapiri a Dowa ndi Ntchisi

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE)

WOULUTSA: Ndikupatsani moni inu a ku Mponela, Madisi, Mvera, Nambuma ndi pa boma pa Dowa, komanso inu a ku Malomo, Nthondo, Khuwi ndi m'munsi mwa nkhalango ya Ntchisi. Takulandirani ku pulogalamu yathu ya zaumoyo. Lero tikamba za chithokomiro, chotupa cha pakhosi chija, ndi za anthu amene amabwera m'midzi mwathu ndi mabuku, masikelo ndi timabotolo, n'kunena kuti akuchita kafukufuku. Nkhani ziwirizi n'zolumikizana kwambiri kuposa mmene ambiri timaganizira.

Amene muli ndi agogo pafupi, afunseni pulogalamu ino ikatha. Akuuzani kuti kale, m'madera akumtunda ngati athu ano, kuona mayi wotupa pakhosi pa chitsime kapena pa maliro sichinali chachilendo. Ena ankati n'kusenza katundu wolemera pamutu, ena ankati n'kubereka, ena ankaloza munthu chala kuti ndiye walodza. Lero mtsikana wa sekondale akhoza kumaliza sukulu asanaonepo chotupa chachikulu chotere kupatula pa munthu wokalamba. Kusinthaku sikunangochitika kokha. Pali anthu amene anayeza, anawerenga, anafananitsa, ndipo pali ana ndi amayi, ena a konkuno ku Malawi, amene analola kupimidwa kuti yankho lipezeke.

Tiyambe ndi thupi. Munthu aliyense ali ndi chithokomiro, wodwala ndi wosadwala yemwe. Ndi kachiwalo kakang'ono, kolemera magalamu pafupifupi 20 mwa munthu wamkulu, kamene kali kutsogolo kwa khosi, mbali ino ndi inayo ya njira ya mpweya. Kakakhala bwino sikaoneka. Ntchito yake ndi kupanga mahomoni, timadzi timene timayenda m'magazi n'kumauza ziwalo zina liwiro logwirira ntchito. Zili ngati moto wa pamafuwa: ukachepa nsima sipsa, ukachuluka imapserera. Mahomoni a chithokomiro akachepa, munthu amafooka, amamva kuzizira anzake ali bwinobwino, amadzimbidwa, khungu limauma, amaiwalaiwala, ndipo kwa amayi msambo umasokonekera. Akachuluka, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, thukuta silitha, munthu amawonda chonsecho akudya kwambiri.

Kuti chithokomiro chipange mahomoni amenewa chimafuna ayodini, ndipo thupi silingathe kumupanga lokha. Amayenera kuchokera m'chakudya. Mlingo wake ndi wochepa zedi. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 150 pa tsiku, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa 250. Maikulogalamu imodzi ndi galamu imodzi yogawidwa m'zigawo 1,000,000. Mukaphatikiza ayodini yense amene munthu amafuna pa zaka 70, sakwana magalamu 5. Koma akasowa, ubongo umatumiza uthenga kudzera mu homoni ina yotchedwa TSH, kuuza chithokomiro kuti chilimbikire. Chimalimbikiradi, chimakula pofuna kutola ayodini aliyense amene akudutsa m'magazi, ndipo pakapita zaka chimatulukira pakhosi.

Nanga bwanji kumapiri? Ayodini wambiri wa dziko lapansi ali m'nyanja zikuluzikulu zamchere. Ife tili kutali nazo. Nthaka ya m'mapiri ndi m'zitunda yakhala ikutsukidwa ndi mvula kwa zaka zosawerengeka, ndipo ayodini amene analimo anakokoloka, kutsikira m'mitsinje ngati Bua ndi Lingadzi. Chimanga, nyemba, mtedza ndi ndiwo zamasamba zomera panthaka yotere zimakhala ndi ayodini wochepa, ngakhale zitabereka bwino chotani. Munthu akhoza kukhala ndi nkhokwe yodzadza, ana akudya katatu pa tsiku, koma banja lonse likusowa ayodini. Mwina wina akuti, nanga usipa ndi utaka wochokera ku Salima ndi ku Nkhotakota? Nsombazo ndi chakudya chabwino kwambiri, idyani, koma nsomba za m'madzi opanda mchere zili ndi ayodini wochepa poyerekeza ndi za m'nyanja yamchere.

Palinso nkhani ya chinangwa, imene ikukhudza makamaka abale athu otsikira cha kunyanja, kumene kondowole ndiye nsima ya tsiku ndi tsiku. Madokotala amene anafufuza kudera la Ubangi, kumpoto kwa dziko la Congo, anapeza kuti chinangwa chowawa chikapanda kuviikidwa mokwanira, poizoni wake amasanduka m'thupi n'kukhala chinthu chimene chimatsekereza ayodini kulowa m'chithokomiro. Pamene ayodini ali wochepa kale, vuto limakula. Choncho amayi athu amene amaviika chinangwa masiku angapo mpaka chifewe, n'kuchiyanika kuti chiume bwino, amateteza mabanja awo. Njala ikavuta pamakhala chiyeso chochivuula msanga, ndipo m'pamene pali ngozi.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tsopano funso limene ndikufuna tikhalepo nthawi ndi ili: anthu anadziwa bwanji zonsezi? Ayodini anatulukiridwa mu 1811 ndi Bernard Courtois wa ku France, ndipo pofika 1820 dokotala wina wa ku Geneva, Coindet, anali atayamba kale kupatsa odwala chithokomiro mankhwala a ayodini. Ena anachira, ena anadwala chifukwa mlingo unali waukulu, ndipo kwa zaka zambiri madokotala ankangotsutsana. Aliyense anali ndi nkhani ya wodwala wake. Koma nkhani ya munthu mmodzi siithetsa mkangano, chifukwa amene wachira mwina akanachira ngakhale popanda mankhwalawo.

Mu 1917, dokotala wina dzina lake David Marine anayamba kafukufuku m'sukulu za mumzinda wa Akron, ku Ohio, m'dziko la America. Asungwana 2,190 ankalandira ayodini kawiri pa chaka, ndipo 2,305 sankalandira. Onsewo ankapimidwa pakhosi nthawi ndi nthawi. Pamapeto pake, mwa amene ankalandira ayodini, 5 okha ndi amene chithokomiro chawo chinatupa. Mwa amene sankalandira, 495. Tamvaninso: 5 mbali ino, 495 mbali inayo. Apa mkangano unayamba kuzirala. Dziko la Switzerland linayamba kuthira ayodini mumchere mu 1922, ndipo ku America mchere wotere unayamba kugulitsidwa mu 1924.

Mtima wa kafukufuku wa zachipatala ndi umenewu, omvera: magulu awiri ofanana, lina lilandire chinthu chimene chikuyesedwa, lina lisalandire, kenako tione kusiyana. Kafukufuku wa ku Akron anali ndi pofooka pake, chifukwa amene analandira ayodini anali ana amene makolo awo anavomera, ndipo mwina mabanja otere ankasiyana kale ndi anzawo. N'chifukwa chake masiku ano ofufuza amachita maere posankha amene alowe gulu ili kapena ilo. Nthawi zambiri gulu lachiwiri limalandira chinthu chooneka chimodzimodzi koma mulibe mankhwala, ndipo wopima ndi wopimidwa onse sadziwa kuti ndani walandira chiyani mpaka ntchito itatha. Si chinyengo ayi, ndipo aliyense amauzidwa zimenezi asanalowe. Amatero pofuna kuti chiyembekezo cha munthu chisakhotetse zotsatira.

Koma chotupa cha pakhosi si chimene chinali choopsa kwambiri. Choopsa chinali chosaoneka. M'madera osowa ayodini kwambiri munkabadwa ana ena osamva, osalankhula, oyenda movutikira, opinimbira ndiponso a nzeru zosakhwima. Kuyambira mu 1966, m'chigwa cha Jimi ku Papua New Guinea, Peter Pharoah, Ian Buttfield ndi Basil Hetzel anabaya mabanja ena jekeseni wa mafuta okhala ndi ayodini, ena jekeseni wa madzi amchere chabe, n'kumatsatira ana obadwa pambuyo pake. Zotsatira zinatuluka mu 1971. Mwa ana 534 obadwa kwa amayi amene sanalandire ayodini, 26 anabadwa ndi ulumali umenewu. Mwa ana 498 a amayi amene analandira, anali 7, ndipo 6 mwa iwo mayi awo anabayidwa ali kale ndi pakati.

Phunziro lake ndi lolemera: ayodini ayenera kukhala m'thupi mwa mayi mimba isanayambe. Miyezi yoyambirira, chithokomiro cha mwana chisanayambe kugwira ntchito, ubongo wake umadalira mahomoni a mayi. Chimene chawonongeka nthawi imeneyo sichibwezeka ndi mankhwala a pambuyo. Ndikamawerenga za kafukufukuyu sindiiwala amayi a gulu lachiwiri lija. Ana awo 26 ndiwo anapereka umboni umene wateteza ana a dziko lonse, ndipo mtengo wake unagwera mabanja awo. Lero kafukufuku wotere sangaloledwenso, chifukwa yankho likudziwika, ndipo kumana mayi chinthu chimene chikudziwika kuti chimateteza mwana wake ndi mlandu.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tibwere kwathu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ofufuza a ku yunivesite ya Wageningen ku Netherlands anagwira ntchito ndi ana a sukulu za pulayimale m'boma la Ntcheu, dera lamapiri lofanana ndi lathu lino, kumene ayodini ankasowa kwambiri pa nthawiyo. Mmodzi wa iwo, Ramesh Shrestha, anafuna kudziwa ngati kupatsa ayodini mwana amene wayamba kale sukulu kungathandize nzeru zake. Ana ena analandira mafuta a ayodini, ena mankhwala owonjezera magazi, ena zonse ziwiri, ndipo ena analandira zongofanizira. Atayesedwa patapita miyezi, ana amene analandira ayodini anakhoza bwino mayeso a kaganizidwe kuposa anzawo. Ntchito yake inasindikizidwa mu 1994.

Aphunzitsi amene mukumvera, imvani bwino pamenepa. Ana amenewa sanali olumala. Anali ana wamba, othamanga, osewera mpira, ena opanda n'chotupa chomwe. Koma nzeru zawo zinali zitaphimbika pang'ono, ndipo palibe kholo kapena mphunzitsi akanadziwa, chifukwa kalasi yonse inali chimodzimodzi. Ndi angati amene anatchedwa mbuli, anabwereza Sitandade 3 kawiri n'kusiya sukulu, pamene vuto linali mumphika wa ndiwo? Chaka chomwecho cha 1994, akatswiri ena ataphatikiza zotsatira za kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana, anapeza kuti anthu a m'madera osowa ayodini ankatsalira ndi mapointi pafupifupi 13 pa mayeso oyeza nzeru. Kwa mwana mmodzi mwina simungaone. Kwa boma lonse ndi chuma chachikulu chotayika.

Wofufuza wina, Carina Furnée, anafunsa funso looneka laling'ono koma lothandiza pa ntchito: kapisozi mmodzi wa mafuta a ayodini amateteza mwana kwa nthawi yaitali bwanji? Njira yodziwira ndi kuyeza mkodzo, chifukwa ayodini wambiri amene munthu wadya amatuluka mumkodzo. Ndiye mukaona ofufuza akupempha ana kabotolo ka mkodzo, chifukwa chake n'chimenecho, palibenso china. Ku Ntcheu komweko anapeza kuti tizilombo ta m'mimba timafupikitsa chitetezocho, ndipo ana amene anayamba alandira mankhwala opha tizilomboto ankasunga ayodini nthawi yotalikirapo. Izi sakanazidziwa atakhala mu ofesi ku Ulaya. Zinafunika ana a kuno, madzi a kuno ndi matenda a kuno.

Makapisozi anali ongogwirizira, chifukwa kufikira munthu aliyense chaka ndi chaka n'kodula. Njira yokhalitsa ndi mchere, pakuti wolemera ndi wosauka yemwe amathira mchere m'ndiwo, ndipo mlingo wake susiyana kwambiri tsiku ndi tsiku. Mu 1990 atsogoleri a mayiko, pa msonkhano wokambirana za ana ku New York, analonjeza kuthetsa vuto la kusowa kwa ayodini. Kuno ku Malawi lamulo lokakamiza kuti mchere ukhale ndi ayodini linakhazikitsidwa mu 1995. Mchere wathu wambiri umachokera kunja, makamaka ku Botswana ndi ku Mozambique, choncho ntchito yaikulu ili pa zipata za m'malire ndi kwa a Malawi Bureau of Standards.

Kodi zinathandiza? Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016, woona za michere ndi mavitamini m'matupi a Amalawi, anapeza kuti mlingo wapakatikati wa ayodini mumkodzo wa ana a sukulu unali woposa mamaikulogalamu 250 pa lita. Kusowa kumayambira pansi pa 100. Ndiye kuti monga dziko tinachoka m'dzenje muja. Ine ndimaona kuti ichi ndi chimodzi mwa zipambano zazikulu za umoyo m'dziko muno, ndipo n'chachisoni kuti sitichikamba, pakuti chinthu chimene sichikambidwa chimalekereredwa mosavuta. Nthaka ya Dowa ndi Ntchisi sinasinthe. Ayodini sanabwerere m'minda mwathu. Tsiku limene mchere wopanda ayodini udzadzaze misika ya Mponela ndi Malomo, vuto lidzayambiranso mwa ana amene ali m'mimba, ndipo tidzazindikira patapita zaka, iwo ali kale kusukulu.

Mwambo wathu umaupatsa kale ulemu mchere, ndipo amayi achichewa amadziwa kuti kuthira mchere m'ndiwo si nkhani yamasewera. Ulemu umenewo ufike ndi pa kasungidwe. Pogula, sankhani wa m'paketi yolembedwa kuti muli ayodini. Mchere wamibulu woyezedwa pa mbale, wochokera m'thumba lopanda chizindikiro, simungaudziwe ndi maso kapena ndi lilime. Kunyumba usungeni m'chitini kapena m'botolo lotseka, pouma, osati pamwamba pa moto kapena padzuwa. Musautsuke, chifukwa ayodini amapita ndi madziwo. Ndipo chonde, musamve ngati ndikuti muzidya mchere wambiri. Kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Mchere wochepa womwewo, ukakhala ndi ayodini woyenera, ndi wokwanira.

Kuchulukitsa ayodini nakonso kuli ndi ngozi yake, ndipo anatiphunzitsa ndi anansi athu a ku Zimbabwe. Atayamba kuthira ayodini mumchere, madokotala a ku Harare anaona kuti odwala matenda a kuchuluka kwa mahomoni a chithokomiro awonjezeka, makamaka achikulire amene anakhala ndi zotupa kwa zaka zambiri. Analemba zimenezi mu 1995, ndipo zinapezeka kuti mchere wina unali ndi ayodini wopitirira muyeso. Chithokomiro chimene chazolowera njala chikalandira ayodini wambiri mwadzidzidzi chimatha kupanga mahomoni mosadziletsa. Mlingo unakonzedwa. Apa tikuona kuti kuyeza sikutha tsiku limene lamulo lasainidwa.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu ya zaumoyo, ndipo tikukamba za chithokomiro. Pali mchere wina wa m'nthaka umene chithokomiro chimafuna, dzina lake seleniyamu. Ameneyu amathandiza kusandutsa homoni imene chithokomiro chapanga kuti ikhale yamphamvu yogwira ntchito m'thupi, komanso amateteza chithokomirocho kuti chisawonongeke. Mu 2011, katswiri wa zanthaka wa konkuno, Allan Chilimba, ndi anzake anasindikiza zotsatira za chimanga chimene anatola m'madera osiyanasiyana a dziko lino. Anapeza kuti chimanga cha m'madera ambiri chili ndi seleniyamu wochepa kwambiri, pamene cha panthaka yakuda ya m'chigwa cha Shire chimatha kukhala naye wochuluka mpaka kakhumi. Nsima yooneka chimodzimodzi, yokoma chimodzimodzi, koma zam'kati zosiyana malinga ndi munda.

Mu 2019, kwa Mfumu Yaikulu Wimbe m'boma la Kasungu, anansi athu enieni, kunachitika kafukufuku woyesa yankho. Ku Bunda, pa yunivesite ya LUANAR, analima chimanga china chothiridwa seleniyamu chili m'munda, china chosathiridwa. Amayi 180 ndi ana 180 anagawidwa mwa maere, ndipo mabanja awo analandira ufa kwa masabata 8, osadziwa kuti alandira uti. Magazi anayezedwa poyamba ndi pomaliza. Mwa amene anadya ufa wa chimanga chothiridwa chija, seleniyamu m'magazi anakwera pafupifupi kuwirikiza kawiri, pamene mwa anzawo sanasinthe kwenikweni. Tisawonjezere nkhani: funso lalikulu la kafukufukuyu linali loti seleniyamu wothiridwa m'munda amafika m'magazi a munthu kapena ayi, ndipo yankho linali inde. Sanati ufawo umachiza chithokomiro. Ndipo musathamangire kukagula mapiritsi a seleniyamu. Kumpoto kwa Congo kuja, ofufuza atapatsa seleniyamu anthu amene anali asanalandire ayodini, ena mwa iwo mahomoni awo anatsikiratu. Choyamba ndi ayodini.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa nkhani ya kwa Wimbe ndi mmene anachitira ndi mantha a anthu. Kumbukirani kuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zinagwedeza maboma a Mulanje, Phalombe ndi ena a kummwera, mpaka anthu osalakwa anaphedwa. Ndiye patangopita zaka ziwiri, alendo afike m'mudzi ndi ufa waulere n'kupempha magazi! Anthu anali ndi mafunso, ena ankaopa kuti ufawo uwononga mphamvu yobereka. Ine sindinganyoze munthu wofunsa chotero. Wosauka akapatsidwa chinthu chaulere ali ndi chifukwa chofunsira kuti mwini wake akufunapo chiyani. Ofufuzawo anakhala pansi ndi mafumu ndi anthu, anatenga nthumwi za m'midzi kukaona munda wa chimangacho ku Bunda, ndipo anadyera limodzi nsima ya ufa womwewo. Umu ndi mmene ziyenera kukhalira. Wofufuza amene alibe nthawi yoyankha mafunso a mudzi sanakonzeke kugwira ntchito m'mudzimo.

Tsono ofufuza akafika kwanu, kaya kwa Msakambewa, kwa Chiwere, kwa Kalumo kapena kwa Chilooko, dziwani izi. Kafukufuku aliyense wokhudza thupi la munthu m'Malawi ayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga National Health Sciences Research Committee ya ku Unduna wa Zaumoyo, kapena komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences. Muli ndi ufulu wopempha kuona kalata yake. Akuyenera kukufotokozerani m'Chichewa chomveka cholinga chawo, zimene adzakuchiteni, zovuta zimene zingabwere, ndi kumene magazi kapena mkodzo wanu ukupita. Akulu anati safunsa anadya phula, choncho funsani musanasaine kapena kudinda chala. Magazi amene amatenga ndi ochepa, a m'timachubu, ndipo thupi limawabwezeretsa lokha. Chilolezo cha a mfumu chimatsegula mudzi, koma sichilowa m'malo mwa chilolezo chanu. Mayi ali ndi mawu ake pa thupi lake, mwana amafunika chilolezo cha kholo, ndipo mwana wamkulupo amafunsidwanso iye mwini. Mukhoza kukana, mukhozanso kusiyira panjira, ndipo palibe amene angakumaneni chithandizo kuchipatala chifukwa cha zimenezo.

Kwa ofufuza nawonso ndili ndi pempho. Mukamaliza, bwererani. Zimapweteka kuti anthu apereke nthawi yawo ya kumunda, apereke magazi a ana awo, kenako zotsatira zikawerengedwe ku London m'chilankhulo chimene eni ake samva. Bwerani pabwalo pomwe munapemphera chilolezo, munene zimene mwapeza, ngakhale zitakhala kuti chimene munkayesa sichinagwire ntchito. Ndiponso chiwerengero cha dziko lonse chimabisa midzi. Malawi akhoza kukhala ndi ayodini wokwanira pamene mudzi wina kuseri kwa phiri, kumene msewu umaduka nthawi ya dzinja, ukudya mchere wopanda kanthu. Alangizi a zaumoyo akakhala ndi timabotolo toyezera mchere, dontho limodzi limasintha mtundu wa mcherewo ngati muli ayodini. Ndi ntchito yotsika mtengo, ndipo makomiti a zaumoyo a m'midzi ali ndi ufulu woifunsa.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Nthawi yatsala pang'ono, ndiye ndilankhule ndi inu amene muli ndi chotupa pakhosi lero, kapena mukusamalira wodwala wotere. Si chotupa chilichonse chimene chimabwera chifukwa chosowa ayodini. China chimayamba chifukwa chitetezo cha thupi chikulimbana ndi chithokomiro, china ndi timibulu tomera m'kati mwake, ndipo mwa anthu ochepa imakhala khansa. Chotupa chimene chakhala zaka zambiri sichiphwa ndi mchere wa ayodini, ndipo kutemera mphini sikuchichotsa, kumangowonjezera zilonda pamalo pamene pali mitsempha ikuluikulu ya magazi. Pitani kuchipatala msanga ngati chotupacho chikukula mofulumira, chalimba, mawu asasa, kapena mukuvutika kumeza ndi kupuma.

Munthu amene akuwonda chonsecho akudya, mtima ukugunda kwambiri, maso atatuzuka, anthu amafulumira kumunena kuti ali ndi kachilombo kapena walodzedwa. Ayezetse HIV, TB ndi shuga, inde, koma zikapanda kupezeka, afunse adokotala za chithokomiro. Kuyeza mahomoni amenewa sikuchitika pa chipatala chaching'ono chilichonse, ndipo mwina mudzatumizidwa ku chipatala cha boma, kapena mpaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ulendowo ndi wodula, ndikudziwa, koma mankhwala alipo. Mahomoni akachuluka pali mapiritsi monga carbimazole owatsitsa, akachepa pali thyroxine wowabwezeretsa, amene nthawi zambiri amamwedwa moyo wonse, ndipo chotupa chopanikiza khosi chimachotsedwa ndi opaleshoni.

Amayi oyembekezera, yambani sikelo msanga, ndipo ngati muli ndi chotupa kapena munamwapo mankhwala a chithokomiro, auzeni anamwino pa ulendo woyamba. Mwana wakhanda amene chikasu chake sichikutha, amangogona, sayamwa bwino, amadzimbidwa, lilime lake ndi lalikulu ndipo pamchombo patupa, musadikire tsiku la sikelo. Ana ena amabadwa ndi chithokomiro chosagwira ntchito ngakhale mayi atadya ayodini wokwanira, ndipo akayamba kulandira thyroxine m'masabata oyambirira amakula ndi nzeru ngati anzawo.

Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzakamba za matenda a shuga, ndi zimene ofufuza a bungwe la MEIRU anapeza atayeza anthu oposa 28,000 ku Karonga ndi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Ngati muli ndi mafunso pa za lero, kawafunseni alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena anamwino pa chipatala chimene muli nacho pafupi.

(NYIMBO YOTSEKERA)